Timiyala ta ku Slapton: kodi kutapa mchenga pagombe ndi mlandu kuno ku England?

Naphiri_Plymouth

Abale anga a pano, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno, ndithandizeni nzeru chifukwa nkhaniyi ikundidyabe mumtima.

Ndimakhala ku Plymouth, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nyumba imene tikuchita lendi ili ndi kabwalo kuseri, koma mvula ya kuno mukuidziwa, siidziwa kukata. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo kabwaloko ndi matope okhaokha. Ana akatuluka amalowa nawo matopewo mpaka pakapeti, kapetiyonso ndi ya landilodi. Ndiye ndinaganiza zothira timiyala panjira yopita kuchingwe choyanikira zovala, ndi kukhoma kabokosi ka mchenga koti wamng'onoyu azisewereramo m'malo mokumba maluwa a eni ake.

Loweruka lapitali ndinali pa ofu, bambo a Tadala anatitengera ku Slapton Sands. Kwa amene simunafikeko, kumeneko ndi timiyala ting'onoting'ono tosalala, tina tofiirira tina toyera, gombe lonse kuyambira ku Torcross pamene anaimika chikasinja chakuda cha pa nkhondo yachiwiri mpaka kumene maso alekezera. Msewu umadutsa pamwamba penipeni, mbali ino nyanja yamchere, mbali inayo nyanja ina ya madzi abwino yodzadza ndi bango ndi abakha. Nditaona timiyalato ndinati basi, Mulungu wayankha. M'buti munali ndowa ziwiri ndi kafosholo ka ana.

Ndowa yoyamba isanafike n'pakati pomwe, anatulukira bambo wina wachikulire ali ndi galu pachingwe. Sanakalipe ayi, anthu a kuno mukuwadziwa, amakudzudzula akumwetulira. Anati mayi, kutenga timiyala pano n'kuphwanya lamulo, khonsolo ikhoza kukulipiritsani mpaka £1,000. Anaima pomwepo osasuntha mpaka bambo a Tadala anakhuthula ndowa ija. Kenako anatilozera kummwera, kumene kukuoneka nsanja younikira sitima, nati tikafunse zimene zinachitikira mudzi wa Hallsands. Atatero anakoka galu wake, amene anali atayamba kale kununkhiza nkhuku yathu yokazinga, n'kumapita.

Funso langa ndi ili: lamulo limeneli liripodi, kapena bamboyo anangoona anthu akuda ali ndi ndowa? Ine ndinakulira ku Nkhotakota. Mchenga wa kunyanja tinkatapa wotsukira mapoto, wokazingira mtedza, womangira, osapempha munthu, ndipo nyanja ilipobe mpaka lero. Gombe la makilomita onse aja, ndowa ziwiri zingalichepetse chiyani? Nanga ngati timiyala ndi toletsedwa, mchenga weniweni wa magombe ena monga ku Bigbury nawonso n'chimodzimodzi? Ndikufuna ndidziwe ndisanapitenso kwina ndi ndowa zangazi.

Chimwemwe_Leeds

Hahaha achemwali, inu mwapulumuka, thokozani kuti munakumana ndi wa galu osati wa yunifolomu. Za khungu iwalani, anthu a m'mbali mwa nyanja amenewa amadzudzulana okhaokha kuposa mmene amatidzudzulira ifeyo.

Kuno n'kwabwinonso. Ku Sardinia, chilumba cha Italy chija, ndiye sachita nazo nthabwala. Ndinapitako ndi anzanga a kuchipatala, ndipo chinthu choyamba chimene chinatilandira pabwalo la ndege ndi chikwangwani chojambulidwa botolo la mchenga ndi mtanda wofiira. Kuyambira 2017 lamulo lawo limaletsa kutenga mchenga, timiyala ngakhale zigoba za nkhono, ndipo chindapusa chimayambira €500 kufika €3,000. Pobwerera, makina oonera zikwama aja akangoona botolo lolemera modabwitsa, amakuitanira pambali. Zolandidwazo amaziunjika, kenako anthu ongodzipereka amakazibweza kumagombe kumene zinachokera. Ali ndi tsamba lawo pa Facebook, Sardegna rubata e depredata, kumene amaikako zithunzi za mabotolo olandidwa, ena olembedwa bwinobwino dzina la gombe ndi chaka ndi mwini wakubayo.

Mu Ogasiti 2019 banja lina la ku France linagwidwa ku Porto Torres likukwera sitima yopita ku Toulon. M'galimoto mwawo munapezeka mabotolo 14 a pulasitiki, mchenga woyera wa ku Chia wolemera makilogalamu 40. Iwo ankati ndi chikumbutso cha holide, sankadziwa kuti n'kulakwa. Apolisi anawatsegulira mlandu wakuba katundu wa anthu onse, umene chilango chake chimayambira chaka chimodzi kufika zaka 6 m'ndende. Makilogalamu 40 amenewo, achemwali, ndi ndowa zanu ziwiri zomwezo.

Kulinso kachilumba kotchedwa Budelli, kumene mchenga wake ndi wofiirira chifukwa cha timakoko tophwanyika ta tizilombo ta m'madzi. Alendo ankatapa aliyense kabotolo kake mpaka mtundu uja unayamba kuzilala, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 palibe amaloledwa kupondapo. Ife tinangouonera patali tili m'boti, woyendetsa akutiuza kuti ngakhale kusambira chapafupi sikololedwa.

Malume Chisale (Exeter)

Mayi a Tadala, bamboyo sananame, ngakhale nkhani yake ili ndi mchira umene ambiri sautchula. Ine ndakalambira m'zomangamanga kuno ku Devon, konkire ndi mipope ya pansi, ndiye mchenga ndi miyala ndizo zimandidyetsa.

Lamulo lake ndi Coast Protection Act la 1949, gawo 18. Limaletsa kukumba kapena kuchotsa chilichonse chimene chili pagombe kapena pansi pake, kupatula ndere za m'nyanja ndi miyala ya migodi ya pansi kwambiri. Mchira wake ndi wakuti gawo limeneli siligwira paliponse lokha. Khonsolo ya deralo ndiyo imalamula kuti kuyambira apa kufika apo gawo 18 ligwire ntchito, ndipo wofuna kutapa pamenepo akapemphe chilolezo kwa iwo. Chindapusa n'chomwe munamva, mpaka £1,000. Choncho alipo magombe amene lamuloli silinaikidweko.

Koma musasangalale msanga, chifukwa kuno kulibe gombe lopanda mwini. Chigawo chija chimene madzi amachimiza akadzadza n'kuchisiya akaphwa, pafupifupi theka lake ndi la Crown Estate, ndiye kuti chuma cha ufumu. Ku Cornwall ndi mbali zina za kummwera kwa Devon chambiri ndi cha Duchy of Cornwall, chuma cha mwana wa mfumu wodzalowa ufumu. Kwina ndi kwa National Trust (bungwe losamalira malo akale ndi achilengedwe), kwa makhonsolo, ngakhale kwa anthu wamba. Amakulolani kuyendapo, kusamba, kudya nkhuku yanu, koma kunyamula ndi nkhani ina. Ndiye za ku Bigbury zichotseni m'mutu.

Ku Slapton ndiye munasankha poipitsitsa. Mzere wa timiyala umenewo ndi malo otetezedwa pamodzi ndi nyanja ya Slapton Ley ija munaona bango. Timiyalato n'timene tikutchinga madzi amchere kuti asalowe m'menemo, n'timenenso tanyamula msewu wa A379. Msewuwo unakokoloka mu 2001, unakokolokanso mu 2018 ndi mkuntho umene anautcha Emma, anthu n'kumazungulira m'tinjira topapatiza ta m'minda kwa miyezi yambiri. Munthu wa kumeneko akaona ndowa mtima umamuthamanga, kaya wanyamulayo ndi ndani. Chaka chomwecho cha 2018, ku Crackington Haven ku Cornwall, mlendo wina anachoka ndi jumbo ya miyala. Anamulondola mpaka kwawo, ndipo anayendetsa galimoto ulendo wa mamailosi mahandiredi kudzaibweza poopa khoti.

Tsopano za Hallsands, poti anakutumani kuti mufunse. Unali mudzi wa asodzi a nkhanu kummwera kwa Torcross, mukapitirira Beesands. Nyumba 37 zinamangidwa pathanthwe, kumbuyo chiphedi, kutsogolo gombe la timiyala. Kalembera wa 1891 anapezamo anthu 159. Anali ndi tchalitchi chawo ndi bala yotchedwa London Inn. Chowatchinjiriza chinali gombelo basi: mafunde ankaswekera pa timiyala, mphamvu n'kuthera pomwepo asanafike pakhomo, ndipo maboti ankawakokera pomwepo.

M'zaka za m'ma 1890 boma linaganiza zokuza doko la sitima zankhondo ku Keyham, ku Devonport, ku Plymouth konko kumene mukukhala inuko. Ntchito inapatsidwa kwa kontirakitala wamkulu, Sir John Jackson, ndipo konkire yake inkafuna miyala yosaneneka. Nthambi ya boma ya Board of Trade inamupatsa chilolezo chokumba timiyala pakati pa Hallsands ndi Beesands. Eni mudzi sanafunsidwe. Anangoona sitima zokumba zafika mu 1897, zikukokolola mpaka matani 1,600 patsiku. Anadandaula kudzera kwa phungu wawo, Frank Mildmay, kunachitika kafukufuku, ndipo yankho la akuluakulu linali lofanana ndi lanu lija, mayi a Tadala: nyanja ndi yaikulu, idzabweza yokha. Asodziwo anawatseka pakamwa ndi £125 pachaka, ya mudzi wonse.

Nyanja sinabweze. Timiyala ta ku Start Bay konse, dera lija la nyanja kumene kuli Slapton ndi Hallsands, kuphatikizapo tomwe munatapato, sitichokera m'mitsinje ya lero. Tambiri ndi mwala wa flint umene nyanja inakankhira kumtunda zaka masauzande zapitazo, pamene madzi oundana a makedzana ankasungunuka nyanja n'kumakwera. Mphepo imangotisuntha, chaka china kumpoto chaka china kummwera, koma tatsopano sitibwera. Zili ngati nkhokwe ya munthu wopanda munda, chimene watapa watapa. Pamene boma linkalanda chilolezo chija mu Januwale 1902, asodzi atatopa n'kuyamba kutchinga okha sitimazo, matani pafupifupi 650,000 anali atapita kale, ndipo gombe linali litatsika ndi mamita 3 kapena 4. Amene ankayeza kutsikako chaka ndi chaka n'kumalemba anali injiniya wa ku Plymouth, Richard Hansford Worth, apo ayi bwenzi lero akunena kuti asodziwo ankangokokomeza.

Mikuntho ya 1903 ndi 1904 inagwetsa nyumba zingapo, London Inn inawonongeka. Anamanga khoma lotchinga madzi, linagwira zaka zingapo. Usiku wa pa 26 Januwale 1917 mphepo yamphamvu yochokera kummawa inakumana ndi madzi odzadza kwambiri. Mafunde analumpha khoma lija, kuswa zitseko, kulowa m'zipinda, kugwetsa madenga. Palibe anafa, anthu anathawira kumtunda madzi ataphwako, koma mkunthowo pomatha nyumba yokhalika inatsala imodzi. Mayi wina, Elizabeth Prettejohn, anakanirira kumabwinjako mpaka imfa yake mu 1964. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti gwero linali kukumba kuja ndipo anati apatsidwe £10,500. Boma linabisa lipotilo n'kupereka £6,000, mochedwanso. Lero njira yotsikira kumudziko ndi yotseka, mumangosuzumira muli pamwamba n'kuona makoma opanda madenga atakakamira pathanthwe.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti amene anapha Hallsands sanali mayi wa ndowa. Anali ndi pepala losainidwa ndi boma, ndipo palibe anamulipiritsa chindapusa. Ndiye sindikunamizani kuti ndowa zanu ziwiri zikanagwetsa msewu. Koma khonsolo singalembe kuti ndowa ya Naphiri yokha ndiyo yololedwa. Kumbuyo kwanu kuli wa vani amene amakonza mabwalo a anthu n'kumalipiritsa, ndipo amenewo ndimawadziwa, ndagwira nawo ntchito. Atamva kuti ndowa ndi yololedwa, adzabwera ndi ndowa 50.

Pa zakuti kwanu ku Nkhotakota munkatapa osapempha, makolo a bambo wa galu uja ankateronso. Mu 1609 Nyumba ya Malamulo inachita kupereka ufulu kwa anthu a ku Devon ndi Cornwall wotapa mchenga wa kunyanja kukathira m'minda, chifukwa muli timakoko tophwanyika timene timachepetsa asidi m'nthaka. Ku Bude anafika pokumba ngalande yoyendamo maboti m'zaka za m'ma 1820, ntchito yake yaikulu kunyamula mchengawo kupita nawo kwa alimi a kumtunda.

Mbewe wa ku Senga Bay

Ndikuwerenga kuno ku Salima, netiweki ikuchita kubwera ndi kupita. Malume, zikomo chifukwa cha nkhani ya mudziwo. Achemwali a ku Nkhotakota, inu mukunena za nthawi imene munkatsuka mapoto. Kambale ka mchenga kotsukira mpoto palibe angakufunseni ngakhale lero. Koma panopa wotapa si mayi wa mbale. Ndi ngolo za ng'ombe zimene zimandandalika kusanache, ndi matipa amene amalowa chafutambuyo mpaka matayala kunyowa.

Ine ndine mmisiri, ndimamanga nyumba, bambo anga anali msodzi, ndiye mbali zonse ziwiri zimandikhudza. Mchenga wa kunyanja kuno amisiri timaukonda, ndisakunamizeni. Madzi athu alibe mchere ndiye sudyetsa zitsulo dzimbiri, ndi wotsukika kale, ulibe dothi, pulasitala wake amatuluka wosalala. Ndipo chiyambire mu 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, paliponse anthu akuumba mabuloko a simenti, ndipo buloko imadya mchenga kuposa dothi lomangira njerwa lija. Za mitengo anaganiza bwino, koma za kumene mchenga wonsewo uzichokera anasiyira ife.

Malamulo alipo, musaganize kuti kulibe. Pali Environment Management Act ya 2017 imene inabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Mchenga wamalonda umafuna chilolezo pansi pa lamulo la za migodi, limene analikonzanso mu 2023. Ku Cape Maclear, m'kati mwa Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, simungachotse mwala kapena mchenga m'paki popanda chilolezo. Makhonsolo a mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre akhala akuletsa mobwerezabwereza kukumba m'mitsinje monga Lingadzi ndi Mudi.

Koma padoko zimayenda motere. Wa tipa amafika, amapereka kangachepe kwa amene akudzitcha mwini malo, anyamata amapakira ndi mafosholo ali chibadwire cha m'mwamba, amalandira ya ufa ndi kafodya, galimoto n'kutuluka mchenga ukudontha madzi njira yonse. Tsiku limene kwabwera ogwira, amagwira anyamatawo ndi mafosholo awo. Mwini tipa ali m'tauni akuyankha foni, mwini nyumba yomangidwayo ndi bwana amene mwina ndi yemwe anatuma ogwirawo. Pakapita sabata ziwiri mafosholo abwerera.

Pamene ife tinkakokera bwato la bambo anga panali mchenga wotsetsereka pang'onopang'ono, mwana ankatha kuyenda m'madzi mtunda ndithu asanamire m'chiuno. Lero pali maenje. Ena ali pansi pa madzi osaoneka, mwana akuthamangitsa mnzake amangozimirira mpaka m'khosi. Mathandala oyanikapo usipa tawasuntha kubwerera kumtunda, ndipo mwera ukaomba mu Juni ndi Julayi mafunde amafika pamizu ya mkuyu umene tinkasokera pansi pake chilimira, mizuyo ili pamtunda tsopano, mutha kulowetsa mkono pansi pake. Mu 2024 nyanja inadzadza kupitirira mamita 476 poyeza kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, malo ogona alendo ndi nyumba zambiri kuno ndi ku Mangochi zinalowa madzi. Sindikunena kuti okumba mchenga ndiwo anadzadzitsa nyanja, inadzadza ndi mvula. Koma amene tinalipo tinaona kumene madzi anayambira kulowa, ndipo kunali kumene kunakumbidwa.

Palinso chambo. Chachimuna chimakumba chisa chake pamchenga m'madzi osaya, tiana n'kumakulira m'mabango a m'mphepete. Boma limatseka usodzi wa makoka mu Novembala ndi Disembala kuti chiswane, koma miyezi yomweyo munthu ali m'madzi ofika m'mawondo akufosholera mchenga m'ngolo. Msodzi akaponya khoka alandidwa, wa fosholo akudutsa pomwepo.

Malume, kusiyana kwathu ndi kwanu n'kwakuti mchenga wathu umabwera watsopano. Dzinja lililonse Linthipe, Bua, Dwangwa ndi mitsinje ina imatsitsa mchenga kuchokera kumtunda. Koma mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndiye tipa iliyonse imene yapakira mumzinda muja yatenga mchenga umene unali paulendo wobwera kuno. Tikuutapa kumutu ndi kumiyendo.

Chindapusa chokha kuno sichingathandize, mnyamata wa fosholo alibe ngakhale ya sopo. Chimene ndinaona chikugwira ndi cha ku chilumba cha Mbenji, kuno ku Salima komweku, kumene a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi dzinja lonse kuyambira kalekale, ndipo palibe amayerekeza kuponda. Kumeneko lamulo limamveka chifukwa oletsa ndi omwe amadya nsombazo. Makomiti athu a m'madoko, a BVC aja, atapatsidwa mphamvu pa mchenga monga ali nazo pa maukonde, n'kulozeredwa malo a kumtunda kumene ngolo zingamatape, bwenzi zikusintha. Panopa ndalama ya tipa imalowa m'thumba la munthu mmodzi, dzenje n'kukhala la mudzi wonse.

Naphiri_Plymouth

Ambewe, mwandidetsa nkhawa. Amayi akadali ku Nkhotakota ndipo paja anandiuza pa foni kuti pamene tinkachapira sipakudziwikanso, ine ndinkayesa akunena za kudzadza kwa nyanja kokha. Ndiwafunsa bwino Lamulungu.

Malume, ndamva, ngakhale sindinakhutire kuti wa pepala anatapa matani 650,000 n'kukhala Sir mpaka imfa, ine wa ndowa ndiye wa £1,000. Nanga inuyo mchenga umene mumathira m'konkire tsiku ndi tsikuwo umachokera kuti, si kunyanja komweko? Ndipo kabwalo kanga ndikatani? Malipiro a ntchito yathuyi mukuwadziwa.

Malume Chisale (Exeter)

Wina umachokeradi kunyanja, mayi a Tadala, pamenepo mwalasa. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mchenga ndi timiyala tomangira ku England ndi Wales limakumbidwa pansi pa nyanja, koma kutali ndi gombe, pamalo oyezedwa, ndi chilolezo cha boma (kuno ku England chimachokera ku bungwe la Marine Management Organisation), ndipo Crown Estate imalandira ndalama pa tani iliyonse. Sitima zake zimalondoledwa ndi makina kuti zisatuluke m'malire. Wina mwa mchenga umenewo amaupopera kumagombe amene akutha. Mukadzapita ku Bournemouth, mchenga umene mudzakhalepowo wambiri unachita kugulidwa n'kuthiridwa ndi mapaipi, ndiye mungamvetse chifukwa chake khonsolo singasekerere munthu woupakira m'buti. Kuno kwathu wambiri timatenga m'makwale a kumtunda, ndi wotsala pokumba dothi loyera la china clay ku St Austell ndi ku Lee Moor, pafupi ndi inu pomwepo.

Za kabwalo, yambani mwalembera landilodi uthenga, ayankhe molemba, asadzakudyereni dipoziti. Akalola, palani matope a pamwamba panjirayo, yalani nsalu yakuda yoletsa udzu imene amagulitsa pa mpukutu, apo ayi timiyala tidzamira m'matope pofika Khirisimasi. Kenako gulani timiyala totchedwa pea gravel ta mamilimita 10 kumashopu a zomangira. Musagule timatumba ting'onoting'ono, mudzalira. Itanitsani chithumba chachikulu chija cha makilogalamu pafupifupi 800, ngati chachuluka gawanani ndi aneba.

Wa mwana gulani wolembedwa play sand, ndi wotsuka ndi wosefa, thumba silifika £10. Wa ife omanga musayerekeze, umathimbiriritsa zovala chikasu ndipo umakanda m'maso. Wa kugombe, ngakhale akanakulolani, sindikanakulangizani: muli mchere umene ungaphe maluwa a landilodi aja, muli magalasi, za agalu, ndi tizilombo todumphadumpha timene tikafera m'bokosi fungo lake simungakhale panja. Bokosilo likhale ndi chivundikiro chifukwa amphaka a m'dera lonse adzaliyesa chimbudzi chawo.

Lole yobweretsa chithumbacho imatsitsa ndi kireni pamsewu kutsogolo kwa nyumba, siilowa kuseri, ndiye pakufunika wilibala ndi msana wa bambo a Tadala. Wilibala ndili nayo, andilembere ku inibokosi adzatenge Loweruka, koma tayala lake limaphwa, abwere ndi pampu.